Tsiku Limene Ndinapha Apongozi ndi Chingerezi

Mpaka lero amayi a kumpingo kwathu akandiona amayamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Ndimangowasiya, poti mlanduwo ndinaupalamula ndekha.

Ine kwathu ndi ku Dedza, koma ntchito inandiponya ku Rumphi Boma, ndipo banja ndinalipeza komweko. Akazi anga kwawo ndi ku Phwezi. Ali ndi achimwene awo, aphunzitsi, amene salemba uthenga m'chilankhulo china koma Chingerezi (ngakhale pofunsa mtengo wa nyemba).

Tsiku lina m'mawa ndili muofesi, pafoni panalowa uthenga wa alamu angawo: "Mama is worried to death. Come home." Maso anga anangotola mawu awiri, Mama ndi death, enawo ndinalibe nawo ntchito. Ndinaimba foni ya alamu, yozima. Ya apongozi, yosapezeka. Ndinati basi, zachitika.

Abwana anandipepesa n'kundibwereka galimoto ya kuntchito. Kunyumba ndinatsata mwambo, paja mwana wa malemu sumuuza mwachindunji. Ndinangoti amayi matenda akula, tiyeni tikawaone. Akazi anga anandiyang'ana m'maso n'kuyamba kulira pomwepo. Kulirako kunaitana aneba, aneba anaitana amayi a kumpingo, ndipo posakhalitsa galimoto inadzaza ndi maduku oyera. Podutsa pa Njakwa nyimbo za maliro zinali zitagwira. Ine kutsogolo ndinali kukonza kale mawu okalankhula m'malo mwa akamwini (anali okoma, sindinama).

Titafika, pamsewu panalibe masamba, pabwalo panalibe munthu. Ndinadziuza kuti tangofulumira. Amayi aja anatsika akulira mokweza. Kenaka kuseri kwa nyumba kunatulukira apongozi anga, chidebe cha madeya a nkhumba chili m'manja. Anaima, anatiyang'ana tonse, n'kufunsa m'Chitumbuka kuti wamwalira ndani.

Nyimbo inadukira pakati. Mayi wina anathawira m'galimoto n'kutseka chitseko. Akazi anga anawagwera amayi awo m'khosi, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ine ndinangokhala pansi pafumbi. Manyazi anabwera pambuyo pake. Choyamba chinali chimwemwe, chifukwa gogo ameneyu amandikonda ngati mwana wobala yekha.

Alamu atabwera kuchokera kusukulu ndi pamene zinamveka. Foni ya apongozi inagwera m'madzi, ndiye atakhala nthawi osamva za ife nkhawa inawagwira. Alamuwo anandifotokozera, pamaso pa gulu lonse, kuti to death m'chiganizo chotere si maliro ayi. Ndi kukometsera chabe, monga anthu akuno amanenera kuti chomene, ife timati kwambiri. Munthu amatopa to death, amachita mantha to death, mawa lake n'kudzuka bwinobwino. Ndinati nanga ife sitinena kuti ndafa ndi njala? Anati eya, n'chimodzimodzi, ndipo palibe amakugulira bokosi.

Apongozi anapha nkhuku kuti olira maliro awo asabwerere ndi njala. Potsanzikana anandigwira dzanja nati, "Yewo chomene, apongozi. Anzanga amapita osadziwa ngati kudzabwere anthu, ine ndaona ndi maso. Koma tsiku lenilenilo mudzatenge oimba bwino."

Masiku ano uthenga wa alamu ukafika, foni ndimangopatsira akazi anga. Achimwene ndi awo, adziwerengere okha.