Kalata yanga yofunsira ntchito inatseguka m'maofesi asanu

Mpaka lero ndikamva munthu akuti "tangoyesani kaye", ndimafuna kumuchenjeza. Ine ndinayesa kaye, ndipo pofika Lachisanu la sabata imeneyo alangizi a ku Kabudula ankadziwa za mumtima mwanga kuposa mkazi wanga.

Ndimagwira ntchito ku bungwe lina la alimi a soya ndi mtedza. Likulu lathu lili pa Nsaru, ndipo tili ndi timaofesi ku Nambuma, Kabudula, Mpingu ndi Namitete. Anandilemba ngati kalaliki, koma chiyambire tsiku lomwe ndinachotsa pepala lomwe linakakamira mu pulinta, aliyense amanditchula kuti "a kompyuta". (Sindinakane. Dzinali limakoma, makamaka pamaso pa alendo.)

Vuto lathu linali malipoti. Alangizi ankawatumiza pa fulashi kudzera kwa kondakitala wa minibasi, ena ankangojambula kompyuta ndi foni n'kutumiza chithunzi chosawerengeka. Lipoti limodzi linkapezeka lili mitundu inayi, uliwonse utalembedwa kuti "lomaliza". Ndiye akuluakulu anagwirizana zoti m'makompyuta onse a bungwe tiike kapulogalamu kena mu bulawuza, ija timatsegulira intaneti. Kapulogalamuko kamachititsa kuti chikalata chitseguke pomwepo, anthu a m'maofesi onse n'kumalembamo nthawi imodzi, dzina la aliyense likuoneka pamwamba pa zomwe akulemba.

Mayi Mbewe, mkulu wa bungwe lathu, anandiitana Lolemba m'mawa.

"Ntchito iyi ndi yanu. Lachisanu naini koloko a kampani yomwe yatigulitsa kapulogalamuka atsegula zonse kuchokera ku tauni. Leveni koloko komiti ya alimi ibwera kudzaona. Mukwanitsa, eti?"

"Zochepa izi, mayi."

Apa ndiulule kaye. Sabata ya m'mbuyo mwake mayiwa anandidzudzula pa msonkhano, pamaso pa anthu, chifukwa chochedwa. Ndinapsa mtima, n'kulemba kalata yofunsira ntchito ku bungwe lina la mu tauni. M'ndime yachiwiri ndinadzitama pang'ono kuposa muyezo. Ndime yachitatu ndinailemba mtima uli m'mwamba, ndikudziuza kuti ndidzaifufuta ndisanatumize.

Tsono kapulogalamu kaja kamafuna kuti woika asankhe chikalata chomwe chizitseguka munthu akangolowa. Malangizo ake ankati tangoyesani kaye ndi chikalata chilichonse. Chomwe chinali pafupi pa laputopu yanga chinali kalata ija. Ndinaisankha, inatseguka bwinobwino, ndinalembamo mawu awiri, zinatheka. Ndinati ndiichotse ndiikepo fomu ya malipoti, koma nthawi yomweyo wina anakuwa kuti pulinta yakananso. Nditabwerera ndinangokopera zonse pa fulashi mmene zinalili.

Lachiwiri ndinayenda ku Mpingu ndi ku Namitete, Lachitatu ku Kabudula. M'makompyuta a kumeneko palibe chinkatseguka, poti a kampani anali asanayatse, choncho ndinkangoika n'kufotokoza pakamwa. Ku Namitete kuli a Dominiko, bambo wachikulire amene anapuma pa uphunzitsi asanabwere kwathu, munthu woti ukamulembera uthenga pa foni amakubwezera atakonza sipelo. Anandipanikiza ndi mafunso.

"Nanga wina akafufuta ntchito ya mnzake?"

"Musadandaule, aphunzitsi. Dinani kabatani aka, zonse zibwerera mmene zinalili."

Analemba zimenezi mu kope lawo n'kudula mzere kunsi. (Kumeneko kunali kudzikumbira dzenje, koma ndinachoka ndikudziona ngati mphunzitsi wa aphunzitsi.)

Lachinayi ndinamaliza makompyuta a pa Nsaru, ndipo laputopu yanga ndinaisiya mu holo nditailumikiza ku pulojekita kuti mawa lake tisadzavutike. Kunatsala ku Nambuma kokha. Ndinalawira Lachisanu m'mamawa, ndikuti ndikaike msanga n'kubwerera komiti isanafike.

Ofesi ya ku Nambuma ndi kachipinda kumbuyo kwa shopu ya achimwene awo a Yusufu, mlangizi wathu wa kumeneko. Ndinaika kapulogalamuko, a Yusufu anabweretsa tiyi, tinakhala n'kumadikira. Naini koloko itakwana ndinati, monyadira, "Tatsegulani bulawuza muone zodabwitsa."

Anatsegula. Anayandikira ku kompyuta. Anayamba kuwerenga mokweza Chingerezi chomwe ndinachizindikira pa mawu achitatu.

"Kodi a kompyuta, mukuchoka?"

Tiyi anandilowa m'mphuno. Kalata yanga inali apo, dzina langa pamwamba, nambala yanga ya foni pansi. Ndipo pambali timayina tinayamba kubadwa ngati bowa: a ku Mpingu awiri, a ku Kabudula atatu, a Dominiko. Onse ankaona chinthu chimodzi.

Ndime yachitatu, ndikaimasulira, inkati ndikufuna kuchoka chifukwa mkulu wa bungwe lathu samva za munthu, misonkhano yake imatha maola anayi popanda chogwirika, ndipo amaopa kompyuta ngati njoka.

Ndinawakankha a Yusufu pa mpando, n'kufufuta kalata yonse. Tsamba linayera mbee. Ndinapuma. Sindinamalize n'komwe kupumako, kalata inabwerera yonse. Ndinafufutanso. Inabwereranso. Kachitatu chimodzimodzi. Foni inalira.

"A kompyuta, kuno ku Namitete kwalowa kachilombo," anatero a Dominiko mosangalala. "Kakufufuta zinthu. Koma musade nkhawa, ndikudina kabatani kaja."

"Aphunzitsi, chonde, siyani kudina! Ndikufufuta ndine!"

"Mukufufutiranji mayeso? Si mwatipatsa kuti tiyeserere kulemba? Ndayamba kale kukonza. Ndime yoyamba ili ndi zolakwika zisanu ndi chimodzi."

"Si mayeso!"

Kenaka a Dominiko anati, motsitsa mawu, "Ndafika pa ndime yachitatu." Ndipo anadula foni.

Kufufuta kunalibenso phindu, poti tsopano a ku Kabudula nawo anali atakapeza kabatani kaja. Njira inali imodzi: kuchotseratu chikalatacho ngati woyang'anira. Izi zinkafuna pasiwedi, ndipo pasiwediyo inali yosungidwa mu laputopu yanga pa Nsaru. (Inde, ine amene ndinayenda maofesi onse ndikulalikira kuti pasiwedi izisungidwa m'mutu.) Dzina la Mayi Mbewe linali lisanaoneke pambali paja. Ndinadziwa kuti m'mawa ngati umenewo amakhala panja kulandira alendo. Ndikanafika asanalowe mu holo, mwina ndikanapulumuka.

Pamene ndinkaganiza izi, wina wa ku Kabudula anali atalemba pambali pa ndime yachiwiri, pomwe ndinati ndimadziwa kuyendetsa galimoto: "Galimoto iti?" Wa ku Mpingu anayankha: "Ya waya."

A Yusufu anatenga makiyi a njinga yamoto. "Kwerani. Koma ndibwerere kuno mapemphero a masana asanayambe."

Inali nyengo ya dzinja, ndipo mvula inali itagwa usiku wonse. Msewu unali phala. A Yusufu ankayendetsa mosamala ngati anyamula mazira, ine kumbuyo ndikuwapempha kuti athamange. Tisanafike pakati, foni inanjenjemera m'thumba. Mayi Mbewe. Sindinayankhe. Inaliranso. Ndinaiyang'ana mpaka inasiya.

"Yankhani," anatero a Yusufu. "Mwina akungofuna kudziwa poyatsira pulojekita."

"Chimenecho ndiye ndikuopacho."

Pa dambo lina tinapeza ngolo yatitimira pakati pa msewu, ng'ombe zitakana kusuntha. Podutsa panalibe. Ndinavula nsapato n'kuthandiza kukankha, osati chifukwa cha chifundo ayi. Ngolo itatuluka ndinagwa chafufumimba m'matope. Mwini ngoloyo anandithokoza kwambiri, n'kufunsa komwe ndimagwira ntchito. Ndinati sindikudziwa bwinobwino.

Tinafika pa Nsaru kutatsala mphindi makumi awiri kuti leveni ikwane. Mtima unayamba kukhala pansi, mpaka ndinaona njinga zakapalasa zitandandalikana pakhoma la holo. Komiti inali itafika msanga poopa mvula ya masana.

Ndinalowa nsapato zili m'manja. Alimi khumi ndi awiri anakhala m'mabenchi, onse maso ku khoma. Pakhomapo panali kalata yanga, zilembo zake zazikulu ngati za pa chikwangwani cha chipatala. Mayi Mbewe anakhala pa laputopu yanga, magalasi ali pamphuno.

"Mwafika," anatero osandiyang'ana. "Ndinakuimbirani kuti ndifunse poyatsira. Ndapapeza ndekha. Khalani pansi."

Ndinakhala pa benchi ya kutsogolo, matope akudontha.

"Bambo ndi mayi," anapitiriza, "monga mukuonera, chikalata ichi akuchiona anzathu m'maofesi onse. Zofiira izi akukonza ndi a Dominiko ku Namitete. Ndipo a kompyuta anatiuza kuti aliyense angathe kulembamo. Eti?"

"Eya, mayi." Mawu anatuluka ngati a mwana wa mbuzi.

Anatsitsa tsamba mpaka pa ndime yachitatu. Wapampando wa komiti, amene Chingerezi chimawavuta, anapempha kuti wina amasulire.

"Mwini wake amasulire," anatero Mayi Mbewe.

Ndinaimirira. Ndinamasulira. Ndinayesa kufewetsa, ndinati mkuluyu nthawi zina amatanganidwa moti samva msanga, koma mayi wina wa kumbuyo amene anaphunzira mpaka Fomu 4 anakweza mkono n'kunena kuti sizikutero. Ndinabwereza molondola, mpaka pa njoka.

Palibe anaseka. Mayi Mbewe anaika zala pa laputopu n'kuyamba kulemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, aliyense akuona. Anafufuta "anayi" n'kulemba "asanu". Kenaka anachotsa magalasi.

"Wa mwezi watha unatha maola asanu. Polemba lipoti tizilemba zoona. Tsopano a kompyuta atiikira fomu yeniyeni."

Apa m'pamene holo inaphulika ndi kuseka. Ndinachotsa kalata ija n'kuika fomu ya malipoti. Inatenga mphindi imodzi yokha. Fomuyo inagwira ntchito bwino kwambiri, alangizi analembamo kuchokera kumaofesi awo, alimi anaomba m'manja, koma ine sindinamve kukoma kulikonse.

Anthu atabalalika Mayi Mbewe anandiitanira mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko. Kuseka kuja kunalibe pankhope pawo.

"Zoti mukufuna ntchito kwina si mlandu. Muli ndi banja. Koma desiki yanu ili apo, yanga ili pano. Munalephera kugogoda n'kundiuza?"

"Ndinakwiya, mayi. Sindinkafuna kuti muione."

"Ndikudziwa kuti simunkafuna. Munkafuna aione anthu osandidziwa." Kenaka anati, "Za kompyuta munanena zoona, ndimaiopa. N'chifukwa chake ndinakhulupirira inu."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa zonse za tsikulo. Ndinapepesa, ndipo aka kanali koyamba tsiku limenelo kulankhula osafuna kudzipulumutsa.

Sanandichotse ntchito. Anandipatsa kalata yochenjeza, n'kundituma kuti sabata yotsatira ndizungulirenso maofesi onse kukaphunzitsa anthu kagwiritsidwe ntchito ka fomu. Chimenecho ndicho chinali chilango chenicheni. Ku Kabudula anandilandira ndi funso loti ndaimika pati galimoto. Ku Namitete a Dominiko anandipatsa kalata yanga yosindikiza, yokonzedwa bwino, ndime yachitatu ataidula ndi lumo. Sindinaitumize. A Yusufu anachedwa ku mapemphero tsiku lija, ndipo amandikumbutsa nthawi iliyonse tikakumana.

Ndinaphunzirapo kanthu, ndithu. Masiku ano ndikakwiya sindiyandikira kompyuta. Ndimatenga pepala ndi bolopeni, n'kulemba zonse za kukhosi, kenaka n'kung'amba. Njirayi yandithandiza miyezi ingapo. Koma Lachitatu lapitali, ndili pakati polemba za mnzanga wina wa mu ofesi, ndinaitanidwa kuti makina a fotokope akana. Ndinapita ndi pepalalo m'manja, ndinakonza makinawo, ndinabwerera chimanjamanja. Nditathamangirako patapita ola, pepala panalibe.

Amene analitola sindikumudziwa. Koma chiyambire tsiku limenelo aliyense mu ofesi muno akundipatsa moni mwaulemu wodabwitsa.