Simenti ya Pakamwa

Lolemba

Dziko lonse limve, kuyambira ku Nachisaka kuno mpaka kuseri kwa mapiri a Ntchisi: ine, mphunzitsi wa nsapato zobooka, tsopano ndikutchedwa Bwana Simenti.

Nkhani yake ndi iyi. Mpingo wathu ukufuna kukuza tchalitchi, poti ena akumapempherera pawindo. Dzulo linali tsiku la malonjezo. Tisanalowe, a Mbewe, wapampando wa komiti ya zomanga, anandikokera pambali: "Aphunzitsi, inu mukhale nyambo. Muimirire, mulonjeze matumba 20 a simenti. Sitidzakufunsani. Tikungofuna a Chisale a fodya aja apse mtima, atulutse zenizeni."

Ndinaimirira. Nthungululu! A Chisale: matumba 30. Mayi wa tomato: 15. Ngakhale a Zuze, amene amabwereka ndi machesi omwe: 10. Abusa anagwetsa misozi.

Pulani ya sabata ino:
1. Kutseka pakamwa.
2. Kuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wa simenti.
3. Loweruka, ku Mponela, kukagula malata a nyumba ya amayi kumudzi. Ndasunga ndalamayi zaka ziwiri. Denga lawo la udzu silingapirire dzinja lina.

Lachiwiri

Ulemu ukupweteka. Wa kabaza wakweza mtengo, kwa ine ndekha. Msuweni wa ku Bowe, amene ngakhale pa ukwati wanga sanaoneke, wafika ndi nkhuku yotsokomola ndi mayina a ana atatu ofuna fizi.

Mkazi wanga akungosesa mwamphamvu pafupi ndi mapazi anga. Ndamuululira kuti ine ndi nyambo chabe.

"Nyambo imadyedwa, bambo a Tadala."

Lachitatu

Pa msika a Chisale andigwira dzanja, sakulisiya. Akunong'ona: "Aphunzitsi, inu ndiye munthu wa Mulungu. Anga 30 aja ndi a pakamwa. A Mbewe anandipempha kuti ndikukokeni inu a malipiro a boma."

Ndaseka kwambiri. Kenako ndapezeka ndakhala pa thumba la mtedza la eni ake.

Lachinayi

Kafukufuku! Digiri yanga yagwira ntchito koyamba chiitengereni. Zotsatira:
Mayi wa tomato ndi nyambo, yokokera wogulitsa nyama.
Wogulitsa nyama ndi nyambo, yokokera mayi wa tomato.
Msungichuma, nyambo.
A Zuze sanatumidwe ndi aliyense. Anangoona anthu akuimirira.

Mpingo wonse nyongolotsi, nsomba palibe! Lonjezo loona ndi limodzi lokha: a Nabanda, mayi wamasiye, analonjeza tambala ndipo amubweretsa kale. Wamangidwa kuseri kwa tchalitchi, akulira ngati nkhani yonse akuidziwa.

Lachisanu

M'mawa phokoso: gu! gu! gu! Ndikuthamanga.

Abusa, amene a Mbewe sanawauze kalikonse, aima pa mulu wa njerwa, nyundo m'manja, fumbi mpaka m'nsidze. Khoma lonse lakumbuyo lagumulidwa kuti ntchito iyambe.

"Chikhulupiriro sichidikira lisiti, aphunzitsi! Matumba oposa zana ali m'njira!"

Tchalitchi chakuladi. Ukakhala pa benchi ukuona mapiri onse. Mbuzi zalowa kale, ina yagona pa mpando wa akulu a mpingo ndipo kunena zoona ikuoneka yoyenera.

A Mbewe foni yazima. Akuti apita ku maliro ku Kasungu. Womwalirayo palibe akumudziwa.

Kum'mawa mitambo yada.

Loweruka

Mponela. M'shopu ya a Jafali ndikuloza malata. Iwo akumwetulira mpaka m'makutu: "Aphunzitsi, tamva! Dzulo ku mzikiti takutchulani, ati taonani anzathu mmene amaperekera." Matumba 20 awaika kale pambali, dzina langa lalembedwa ndi makala.

Ndikuti ayi, malata. Akuti inde, malatawo mudzatenga khoma likatha.

Foni. Mkazi wanga. Mvula yoyamba yagwa ku Nachisaka, yalowa m'tchalitchi mpaka pa guwa. Denga lapendekeka. Abusa alichirikiza ndi mtengo wa bulugama ndipo akana kuchoka pansi pake, ati aphunzitsi ali m'njira.

Abusa amenewa anayenda wapansi kukaika bambo anga m'manda, matope mpaka m'mawondo.

Ndaima pakati pa malata ndi simenti mpaka a Jafali andibweretsera mpando. Ndalama yakwana matumba 11.

Lamulungu

Tapemphera ndi makoma atatu, mphepo ikutitsegulira Baibulo pomwe yafuna. Kutsogolo kwaunjikidwa chuma chonse cha mpingo: matumba 11, tambala pamwamba.

Mlembi walengeza kuti aphunzitsi atsala ndi matumba 9. Nyambo zonse zacheuka kundiyang'ana. A Chisale akupukusa mutu mwachisoni. A Mbewe, amene abwerako ku maliro atanenepa, atsogolera pemphero lapadera la abale ochedwa kukwaniritsa malonjezo. A Zuze ndiwo akuwa "Amen" kuposa onse.

Madzulo amayi aimba pa foni ya aneba awo. Za simenti amva, akuti mudzi wonse ukuwapatsa moni ndi manja awiri. Za malata sanafunse. Angoti ndikamabwera ndiwatengereko pepala la pulasitiki lakuda lija, lalikulupo, loti azifunditsa pamwamba pa pogona.

Ndati ndiwatengera.