Matabwa Awiri a Apongozi

Ndinadula kachinayi, koma thabwa lakumunsi linali lalitalibe.

Ntchito yake inali yochepa. Apongozi anga, mkazi wa mwana wanga, amaphunzitsa ku pulayimale kuno ku Thuchila. M'mawa umenewo anabwera ndi makatoni awiri odulidwa mokhota ngati nthochi.

"Ababa, mundidulireko matabwa awiri ngati amenewa. Akhale ofanana ndendende. Ndikaphunzitsira mawa."

"Zachepa," ndinatero.

Ine ndakalambira pa ukalipentala. Tepi ndimayezera zitseko. Tinthu tating'ono ndimayeza ndi diso, ndipo anthu onse amadziwa zimenezi (ndimawauza ndine).

Ndinatenga thabwa la mbawa lomwe ndinkasungira mpando wanga. Ndinajambula, ndinadula, ndinayala pa benchi, lina kumtunda, lina kumunsi. Lakumunsi linatalika. Ndinalichepetsa pang'ono. Ndinawasinthanitsa malo kuti ndione bwino. Lakumunsi linatalikanso. Ndinadula nalonso.

Sintha, dula. Sintha, dula. Utuchi unkachuluka, nthochi zinkachepa.

Mayi akunyumba anaima pakhomo.

"Bambo, mukusema zipeso kodi? Tepi ili pa msomali apo."

"Ndakufunsani?"

Anapita kukatenga mpando, nakhala pansi kuti aonerere bwino.

Apongozi pochokera kusukulu anapeza timatabwa tokwana m'chikhatho. Anagwada patali, mwaulemu. Ndinayamba ndine.

"Makatoni anuwa ndi olakwika."

Sanatsutse. Anawayala pansi, lina kumtunda, lina kumunsi.

"Lalitali ndi liti, ababa?"

"Lakumunsi. Ngakhale wakhungu angaone."

Anasinthanitsa.

"Nanga tsopano?"

Ndinayang'ana: lakumunsi linatalikanso. Ananyamula lina, nalisanjika pamwamba pa linzake. Anagwirizana ndendende, osatsala ngakhale kachikhadabo.

"Phunziro lake ndi lomweli, ababa. Zinthu zokhota chonchi zimanamiza diso. Ana a sitandade faifi amagwa nazo onse."

"Koma iwowo sawononga mbawa," anatero mayi akunyumba, chitenje chili pakamwa.

(Kunena zoona, mpaka lero ndikawayala matabwa otero, lakumunsi ndimaliona lalitali, ndipo dzanja limafuna sowo.)

Apongozi anatola timatabwa tanga, natifumbata bwinobwino.

"Itinso ndikawaonetsa ana. Mwina mungabwere mawa, mudzawafotokozere nokha mmene zinayendera?"

Ndinakoleka sowo, ndinavala chipewa, ndinalowera kumsewu.