Chambo Pagalasi la Alamu

Mpaka lero alamu anga akandiona amayamba ndi kufunsa ngati kunyanja nsomba zikugwidwa. Ine ndimangosintha nkhani.

Akazi anga, mayi a Chisomo, anandivutitsa chaka chonse kuti tikapumeko kunyanja, mpaka ndinalola kuti tipite ku Kande. Galimoto tinabwereka kwa achimwene awo, munthu amene amasambitsa galimoto kuposa mmene amasambira mwini wake. Popereka makiyi anandigwira pamkono.

"Alamu, magalasi a m'mbaliwa, oonera kumbuyowa, ngodula, ndipo akuba amawakonda. Ibwere mmene yapitiramu."

Mawu amenewo anandikakamira ngati nkhupakupa.

Loweruka m'mawa tinapeza asodzi akukoka khoka pamchenga. Mayi a Chisomo anati ndikathandize, poti mimba yangayi kulemera ili nako kale. Ndinapsa mtima, n'kuvula nsapato, n'kugwira chingwe. Ndinakoka mpaka m'manja munatuluka matuza (iwo ali poteropo kujambula pafoni, uku akuseka). Khoka lisanafike kumtunda msana unakana, ndinasiya.

Tikuchoka, anatiimitsa bambo wina wamtali, wovala malaya oyera ositidwa ngati akupita kuukwati, n'kundipatsa moni wa kwawoko.

"Yewu, ada, mwagwira ntchito. Galimoto yanu ndi iti?"

Mwalimva funsolo? Dzina langa osafunsa, kwathu osafunsa. Galimoto!

"Ikukukhudzani chiyani?" ndinatero.

"Bambo a Chisomo, ulemu," akazi anga ananditsina. Kenako, popanda wowatuma, analoza ndi chala. "Ndi yofiira iyo, ili pansi pa mango, pamalo ogona alendo apo."

Masana tinapita kukaona mitengo ya labala, njira ya ku Nkhata Bay. Akazi anga ankagoma ndi timakapu tomangidwa pamitengo, momwe utomoni woyera umadonthera. Ine sindinaone kanthu. Maso anali kumsewu kumene ndinaimika galimoto, ndipo aliyense wogulitsa mipira ya labala akaiyandikira ndinkamukalipira ndili kutali. Pobwerera tinadutsa pa Chintheche. Ndani uyo pakabaza wa njinga yamoto? Wamalaya oyera uja, akutibayibitsa mwamphamvu kuti tiime! Ndinaponda moto.

Titafika kogona, mlonda anandilandira akumwetulira.

"Bwana, anabwera ada Manda, aatali aja. Amafunsa kuti munyamuka liti. Ndawauza kuti mawa m'mawa."

Basi. Ndinadziwa kuti mlondayo nayenso ali m'gulu.

Lamulungu ndinalawirira, n'kutenga nkhafi m'bwato lina, n'kukabisala m'munda wa chinangwa moyang'anana ndi galimoto. Nyerere zinandiluma mosanena (mwina zimanunkhiza mlendo), koma ndinapirira. Posakhalitsa uyo, watulukira, lero atavala ndi jekete yomwe, jumbo ili m'manja. Sanayang'ane uku kapena uku. Analunjika pagalasi la mbali ya dalaivala, n'kuwerama, n'kuyamba kuligwiragwira.

"Wakubaaa!" ndinakuwa, n'kulumpha mizere ya chinangwa nkhafi ili m'mwamba.

Munthu wokulira m'bwato sumupeza ali chilili. Anangozinda. Nkhafi inamudutsa pamwamba n'kukatera pagalasi. Phwaa!

Galasi la alamu linatsala likulendewera pa timawaya. M'munsi mwake munkalendeweranso chambo chonenepa, chotungidwa bwino pa mlaza.

Anthu amene ankapita kutchalitchi anatizungulira. Ada Manda anasansa tizidutswa tagalasi pajekete yawo, osafulumira.

"Ada, khoka lija ndi langa. Kwathu kuno aliyense wogwira chingwe amalandira gawo lake. Inu munachoka musanalandire. Ndinakusakani tsiku lonse, pa Chintheche munandithawa. Zadzulo zija tinadya, izi nzalero. Ndimati ndikumangireni pagalasi kuti zizipitidwa mphepo, zisakununkhitsireni m'galimoto."



Mayi wina wa yunifomu ya Umanyano, bungwe la amayi a kutchalitchi, anayang'ana nkhafi, n'kuyang'ana ine.

"Akanakoka khoka ndi mphamvu zimenezi, bwenzi mudzi wonse ukudya nsomba."

Anthu anafa nalo phwete. Apa n'kuti mayi a Chisomo atatuluka, chitenje chili m'chifuwa.

"Ada Manda, pepani, mangirani pagalasi linalo," anatero. "Koma dikirani kaye ndiwalande nkhafiyi."

Galasi loswekalo anandimangira ndi ada Manda omwewo, ndi mlaza wotsala. Njira yonse yobwerera ku Lilongwe linkangogwedera ngati likundiseka. Alamu anga analiyang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anayang'ana chambo. Chambocho anatenga chonse, galasi ndinagula ine, ndipo makiyi awo sindinawagwirenso.

Mwina mukuganiza kuti ndinasiya kukayikira anthu. Ada Manda ndinawakhululukira, poti analibe mlandu. Koma mlonda uja, tandiuzani inu, ankamwetulira chiyani?