Tsiku Limene Katuni Inandiseketsadi

Mpaka lero ndikaona munthu akupinda nyuzipepala n'kuyang'ana kumene ndili, ndimafunafuna kothawira. Ine ndine wamanyazi, woti ngakhale kusikelo akaitana dzina la mwana wanga ndimayankha ngati ndaba kanthu. Koma tsiku lina ndinaseka mpaka nkhuku kubalalika, ndipo tsiku lomwelo ndinalakalaka nthaka itang'ambika kuti ndilowemo.

Tinasamuka ku Mavwere kubwera pa boma bambo a Tadala atayamba kabaza wa njinga yamoto wopita kuboda ya Zambia. Nyumba imene tinapeza inayandikana ndi ya a Munthali, aphunzitsi a kusekondale ochokera ku Rumphi. Akazi awo ndi anesi. Pamalo ponsepo mpopi unali pakhomo pawo pokha, ndipo anandilola kumatunga. Mjigo uli kutali, kutsidya kwa msewu, ndiye kwa munthu wa mwana kumbuyo mpopi umenewo unali ngati mbale wanga.

Vuto la aphunzitsi linali nyuzipepala. Akaweruka ankakhala pakhonde n'kutsegula tsamba la makatuni, tizithunzi tija tojambula pamanja ta m'timabokosi, anthu ake mawu akuwatuluka m'kamwa ngati thovu. Ankaseka okha mpaka kuvula magalasi. Tsiku lina ine ndikungotchera ndowa, ndinamva:

"Amake Tadala, tabwerani muone izi!"

Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndipo Chingerezi cha m'thovumo chimandidutsa ngati thiraki ya ku Zambia. Koma munthu wokupatsa madzi ungamuuze kuti sukuona choseketsa? Ndinagwada, ndinayang'ana, ndinati, "Hehe."

"Mwaona!" anatero aphunzitsi. "Uyu ndiye munthu. Akazi anga ndikawaonetsa amangoti ndikweze miyendo akolope."

Kuyambira pamenepo anayamba kundimasulira m'Chichewa. Ndipo poti tili tokha pano, ndinene zoona: makatuni aja saseketsa. Lero bambo woledzera akubwera kunyumba, mkazi akumudikira pakhomo ndi mthiko. Mawa bwana wa chimimba akulonjeza mlatho. Mkuja woledzera uja wabweranso, mthiko ndi womwe uja. (Mayi ameneyu alibe ntchito ina? Amachapa nthawi yanji? Ana ake amawasambitsa ndani?) Nthabwala yoti mpaka munthu akuuze kuti "apa choseketsa n'chakuti," imeneyo ndi yakufa kale. Kwathu pachigayo amayi amakutola ndi mawu ochepa chabe, iwe n'kuseka misozi chuchuchu, ufa uli kumaso.

Komabe ntchitoyo ndinaiphunzira. Ndinazindikira kuti choseketsa amachiika m'kabokosi komalizira, ndiye ndinkayendetsa maso pang'onopang'ono ngati ndikuwerenga, ndikafika kumapeto n'kuphulika. Poyamba inali "hehe" chabe. Kenaka ndinawonjezera kugwira pakamwa. Kenaka kuwomba m'manja n'kumati, "Iii aphunzitsi, anthu awa!" Iwo anayamba kundisungira pepala, kulipinda bwinobwino kuti paoneke katuni yokha. Tsiku lina ndinaseka pepala litazondoka, iwo n'kunena kuti ndili ndi diso.

Ndiye linafika Loweruka lija. Ndinapita ndi ndowa masana, n'kupeza pakhonde pali alendo: abambo awiri ndi mayi wachikulire, onse atatchena. Ndinati ndibwerere, koma aphunzitsi anali atandiona kale.

"Amake Tadala, bwerani. Ndimafuna nanunso muone."

Mawu awo anali otsika, koma ine ndinayesa ndi ulemu wa pamaso pa alendo. Ndinatchera ndowa pampopi n'kusendera. Pepala linali lopindidwa monga mwa masiku onse. Kabokosi kanali kamodzi. M'katimo munali nkhope ya mdala yojambula pamanja, kachipewa katakhala pamwamba pa mutu ngati chivundikiro cha poto, maso ali tong'o ngati waponda njoka. Koma makutu, abale inu! Makutu ngati zogwirira za sefuliya.

Kwa nthawi yoyamba chibwerere pa boma, ndinaseka kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba. Tadala kumbuyo anadzidzimuka. Ndipo poti panali alendo, ndinafuna aone kuti aphunzitsi ali ndi mnzawo wozindikira zinthu. (Ine amene sindiyankhula pagulu. Satana amadziwa kusankha tsiku.)

"Apa ndiye ajambula, osati za mthiko zija! Makutuwa aphunzitsi, kukawomba mphepo munthuyu sauluka? Ameneyu safuna wailesi, za ku Chipata amazimva ali pompano!"

Mayi wachikulire uja anakoka mpango n'kuphimba kumaso, mapewa akugwedezeka. Aphunzitsi anavula magalasi, koma osati kavulidwe ka masiku onse.

"Amenewo ndi malemu bambo anga," anatero. "Tawaika m'nyuzi powakumbukira. Zithunzi zawo zinapsa ndi nyumba, ndiye anawajambula ndi mng'ono wangayu. Awa ndi amalume. Awa ndi mayi anga."

Ndinakweza maso. Mng'ono wawo: makutu. Ndinatembenukira kwa aphunzitsi amene ndinkawaona tsiku ndi tsiku: makutu omwewo, kungoti magalasi ankandisokoneza. Tsoka lake, kuseka kukakugwira pamalo olakwika sikumva kuti leka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene pepani, chimene chinatuluka ndi kamkuwo ngati ka kamwana ka mbuzi. Ndinaliyatsa liwiro, ndowa kuisiya ikusefukira.

Masiku otsatira ndinkatunga kumjigo, podzera kuseri kwa nyumba ngati wakuba nkhuku. Msana unandiuza zonse. Bambo a Tadala nditawafotokozera anaseka mpaka kutsamwa, kenaka anati, "Ukapepese mayi. Njinga yanga ndi ya anthu, si ya zigubu."

Ndisanalimbe mtima, anesi anatulukira okha, ndowa yanga ili m'manja.

"Odi, mwaiwala katundu wanu."

Ndinagwada, misozi ili mbwembwembwe. "Pepani amayi, ndinawaliza agogo aja."

"Kulira? Dzukani inu. Apongozi anga anakoka mpango kuti ana awo asaone mano. Akuti chikwatiwire m'banja limenelo akhala akudikira munthu woti anene za makutu aja. Mpaka pobwerera m'minibasi ya ku Lilongwe akuti ankangoti 'za ku Chipata' n'kuyambiranso." Anesi anayang'ana kumbuyo, n'kutsitsa mawu. "Koma aphunzitsi anu chawapweteka n'china. Akuti munati za mthiko zija n'zosaseketsa?"

Madzulo ake ndinapita, n'kugwada patali ndithu.

"Za bambo zatha," anatero aphunzitsi. "Makutu analidi nawo, ndipo mng'ono wanga anawonjezako. Koma ndiuzeni zoona, amake Tadala. Miyezi yonseyi munkaseka chiyani?"

Umenewu unali mpata wanga womasuka. Ndikanangonena kuti aphunzitsi, mayi wa mthiko uja mumupumitse, woledzera uja apite kutchalitchi, ine ndatopa. Ndinawayang'ana. Ndinayang'ana mpopi.

"Zimaseketsa aphunzitsi. Tsiku lija ndinangosokonezeka mutu."

Nkhope yawo inawala. Analowa m'nyumba mothamanga, n'kutuluka ndi mulu wa manyuzi onse amene ndinaphonya masiku a kumjigo aja. Ndinawaseka onse, limodzilimodzi, mpaka nsagwada kuwawa.

Ndiye mpaka lero ndikusekabe mthiko. Chimene ndasintha n'chimodzi chokha. Akandipatsa pepala, ndisanaonetse dzino ngakhale limodzi, ndimayamba ndafunsa: "Aphunzitsi, ameneyu ali moyo?"