Mlamu Wanga Adakweza Pikapu

Inu, tamverani za mlamu wanga wogulitsa mazira. Munthu wamfupi, wofatsa, kapikapu kake kankayenda ngati mkwatibwi, zaka zisanu dzira osasweka ngakhale limodzi. Ndiye tsiku lina pamaloboti padaima chipikapu chachitali, matayala ofika m'chiuno, mwini wake n'kumuyang'ana mlamu cham'munsi ngati nyerere. Matenda adayambira pomwepo.

"Ndikwezeni," mlamu adakauza makaniko wina pagalaja.

"Galimoto kapena inuyo, bwana?"

"Zonse!"

Makaniko adaikweza, masipuling'i olimba ngati njanji, n'kuiveka matayala oti mbuzi ikhoza kuberekeramo. Mlamu adatuluka pagalaja akuimba likhweru. Pokhota poyamba, khwee! matayala akudya madigadi. Kubwerera. Makaniko adadula madigadi. Pachitunda cha kumsika galimoto idayamba kupuma wefuwefu, mpaka mkulu wina wapanjinga adaipitirira akupereka moni.

"Matayala akula, mphamvu yachepa," adatero makaniko. "Tisinthe magiya a mu difu."

"Difu n'chiyaninso?"

"Chibumu chozunguza matayala akumbuyo chija."

"Sinthani!"

Adasintha. Kenako shafuti yopita ku difuko idapezeka kuti yafupika, galimoto n'kumanjenjemera mpaka mano a mlamu kumaombana. Adaika yaitali. Paja akuluakulu amati ukagula chipewa chachikulu, mutu uzikulitsanso. Sindikudziwa ngati adanenadi, koma akadayenera kunena.

Mchemwali wanga, mkazi wakeyo, adangogwira m'chiuno.

"Bambo, mazira azikwera bwanji kumwambako?"

"Mayi, za magalimoto tisiyireni amuna."

Tsiku lalikulu lidafika: hotela ina yatsopano idaitanitsa mathireyi mazana awiri, n'kulonjeza kuti akafika bwino azitenga kwa iye sabata iliyonse. Adapakira ndi makwerero, thukuta kamukamu. Nayenso adakwerera makwerero omwewo kukakhala pachiwongolero, mchemwali n'kuwaponya kumbuyo.

Abale, chimwemwe chake! Kumwambako ankaona zonse: zovala zoyanikidwa kuseri kwa mipanda, madazi a anthu ovala masuti, madenga a maminibasi. Chimene sadaone ndi hampu. Galimoto idadumpha ngati chule, kumbuyo kudamveka phwaa! makwerero n'kuulukira m'ngalande. Mlamu adangomwetulira.

"Imeneyo ndiye difu yatsopano!"

Anthu m'njira ankakuwa akuloza kumbuyo, iye n'kumawabayibitsa ngati phungu. Agalu khumi ndi awiri ankamutsatira akunyambita msewu, iye amvekere, "Ngakhale agalu akudziwa galimoto."

Pahotela adatuluka mkulu wa ophika, chipewa choyera kumutu. Adayang'ana chikasu chikuchucha pamatayala, adayang'ana agalu aja, kenako adakweza mutu.

"Bwana muli kumwambako! Tidaitanitsa mazira a m'zikhokhombe, osati omenyamenya kale. Pitani bwino."

Mlamu adabwerera pang'onopang'ono, likhweru litauma. Atafika pakhomo adatsegula chitseko, kusuzumira pansi, mutu waa! Mwendo adautulutsa, adaubweza. Adautulutsanso, adaubwezanso.

"Mayi! Tandibwerekereni makwerero kwa aneba."

Mchemwali adazungulira galimoto yonse. Adasuzumira kumbuyo atapondera patayala, adatola thireyi imodzi ikudontha, adaibwezera. Kenako adakoka mpando, n'kukhala pakhonde, miyendo tambalale.

"Mayi, ndati makwerero!"

"Ndamva, bambo. Khalani kaye pachisa pomwepo. Mukaikira mazira ena, ndikutsitsani."