Akaputeni pa Chinkhoswe cha ku Mitundu

Akabaza a pamsika wa Mitundu dzina langa analiiwala kalekale. Ndikangotsika minibasi amayamba kukodolana: "Akaputeni afika!" Ine ndimakweza dzanja ngati ndi ulemu, koma kumene linachokera dzinalo ndimakudziwa, ndipo si kosangalatsa.

Ndine mphunzitsi ku Nathenje, ndipo matenda anga ndi mafilimu a pa TV a zamumlengalenga aja: zombo zouluka pakati pa nyenyezi, anthu a makutu osongoka, maloboti aulemu kuposa ana a m'kalasi mwanga. Ndikatopa nawo ndimaika anthabwala, n'kumaseka ndekha mpaka aneba kugogoda khoma. Pamwamba pa zonsezi pali gemu ya pa intaneti. M'gemumo ndine mkulu wa asilikali, ndimalamula zombo zosawerengeka ndipo ndimateteza mwezi wathunthu (kunja kuno ndili ndi njinga yakapalasa yopanda mabuleki akumbuyo).

Bwenzi langa Tiyamike, yemwe ndi namwino, ankapirira zonsezi. Ndinkatha kumufotokozera za nyenyezi kuchokera pa siteji mpaka kunyumba, iye n'kumangomvetsera.

Chinkhoswe chathu chitayandikira, anabwera kwathu Loweruka masana n'kundipeza nkhondo ili mkati.

"Tamverani," anatero. "Pachinkhoswe paja adzatifunditsa zitenje ine ndi anzanga, ndiye inu mudzafunika kuvundukula ineyo. Kuti musadzasokoneze, mudzayang'ane..."

Nthawi yomweyo adani anatulukira kuseri kwa mwezi wathu.

"Mwamva?"

"Ndamva, ndamva. Zophweka zimenezo."

Abale anga, sindinamve kanthu. Kufunsanso ndinachita nako manyazi, ndinangoti munthu wophunzira ngati ine ndikaona konko.

Tsikulo linafika. Kwawo kwa Tiyamike ndi kupitirira Mitundu pang'ono, njira ya ku Malingunde. Anakhoma tenti, anabwereka mabenchi a kutchalitchi, zokuzira mawu zikumveka mpaka kudambo. Amalume anga, omwe anali nkhoswe yanga, anandikokera pambali.

"Mphwanga, kachipangizo kakoko lero uzimitse."

Ndinazimitsa mawu okha.

Anayamba ndi ife amuna. Anatifunditsa zitenje ine ndi anzanga n'kutiimika pamzere kuti mkazi asankhe wake. Mkati mwa chitenje muja ndinazindikira chinthu chimene makolo athu sanachiganizire poyambitsa mwambowu: palibe amene akukuona. Ndinatulutsa foni. Ndisanawombere ngakhale chombo chimodzi, chitenje chinachoka kumutu, nthungululu ponseponse. Woyendetsa mwambo anakuwa kuti, "Chikondi chenicheni ndi chimenechi! Sanakayike n'komwe!" Tiyamike anamwetulira kwa anthu, koma kwa ine ananong'ona: "Chitenje chanu chokha ndicho chimagwedera pamimba ngati mwalowa mbewa."

Kenako inali nthawi yanga. Gulu loyamba linali la tiatsikana tafupitafupi, ndinangoti "muno mulibe," amalume n'kuponya kangachepe m'lichero kuti galimoto ipeze mafuta okatengera ena. Kenako kunatuluka gulu lomaliza, ndipo woyendetsa mwambo analengeza kuti mwini wake ali pompano. Onse msinkhu umodzi, zitenje zofanana, onse opanda nsapato.

Apa ndi pamene sayansi inandipha. M'mafilimu anga, kaputeni akamafuna kuzindikira mlendo wa kudziko lina amene wadzisandutsa munthu, sathamanga. Ndiye ndinaika manja kumbuyo n'kuyamba kuzungulira mzere uja pang'onopang'ono. Ndinayeza mapewa ndi maso. Ndinanunkhizako ngati pangamveke fungo la kuchipatala (anthu ankaganiza kuti ndikuchita nthabwala, anali kugubuduka ndi kuseka, ndipo ine mutu unakula).

Mmodzi anatsokomola n'kusunthira phazi kutsogolo. Nditadutsa anatsokomolanso, phazi n'kulitulutsa kwambiri mpaka ndinatsala pang'ono kuliponda. Ndinaseka chamumtima. Aliyense woonera mafilimu amadziwa kuti wodzionetsera ndiye msampha. Weniweni amakhala phee. Ndinalilambalala phazilo osaliyang'ana n'komwe, n'kukaima pa wina wa kumapeto amene sankagwedera.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwinoko, koma ndinapempha maikolofoni.

"Makolo nonse," ndinatero, "mkazi wanga ngakhale mukanamubisa kuseri kwa mwezi, mtima wanga ukanamupeza."

Ndinavundukula. Anali Esinati, msuweni wake wa Tiyamike, yemwe anthu amiseche ankati ndinayamba kufunsira iyeyo ndisanamuone Tiyamike (zinali zoona pang'ono).

Nyimbo zinazima. Azakhali ena kumbuyo anayankhula mokweza kuti, "Paja wanena yekha kuti ndi mtima!" Wotsokomola uja anadzivundukula yekha, anapinda chitenje chake bwinobwino, n'kulowa m'nyumba osayang'ana munthu.

Ankhoswe a mbali zonse anatengana kupita kuseri kwa chigafa cha fodya. A kuchikazi ankati mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu amene walengeza pa maikolofoni kuti mtima wake uli kwina. Amalume anabwerako thukuta lili kamukamu.

"Kodi mkaziyu sanakuuze chizindikiro?"

"Anandiuza, amalume."

"Ndiye?"

"Ndinali pankhondo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Nkhondo yake iti, ku Nathenje?"

Amalume atachonderera kwambiri, a kuchikazi anandilola kukayankhula ndi mwana wawo pakhonde. Tiyamike sanakalipe. Anangotulutsa phazi lija n'kuliika patsogolo panga. Pa chikhadabo chilichonse anajambulapo kanyenyezi koyera.

"Ndinachita kupita m'tauni kukajambulitsa zimenezi," anatero. "Ndinati munthu wangayu akhoza kuiwala zonse, koma nyenyezi sangaiphonye. Mukudziwa kuti ine nyenyezi zanuzo sizindisangalatsa n'komwe? Koma nthawi zonse ndimamvetsera."

Kuseka kwa khamu lonse lija sikunandipweteke ngati mawu amenewa. Ndinagwada pa simenti, suti yobwereka ili m'thupi, ndipo misozi inatuluka yeniyeni. Anandisiya ndigwade mpaka mawondo kuchita dzanzi, kenako anati tibwerere kutenti, anthu asafe ndi njala chifukwa cha ine. Ankhoswe anasinthana tambala ndi thadzi, mwambo n'kutha, koma nkhani ya nkhondo yanga ija inawanda, ndipo dzina la Akaputeni linatsala.

Ndikanakonda kukuuzani kuti gemuyo ndinasiya. Sindinasiye, moti anandikweza udindo. Chimene chinasintha ndi chimodzi. Masiku ano mayi a kunyumba akafuna kundiuza nkhani yofunika sandiitana dzina, amangovula silipasi n'kuika phazi pamwendo panga. Foni ndimaiika pansi ndekha, ngakhale adani atakhala kuti akuwotcha mwezi wathu.